Mukufuna kuimbira ana ogonekedwa m'chipatala? Yambani motere

Mwezi uno wokha anthu anayi andifunsa funso limodzimodzi. Wina anandiimitsa pamsika wa Kapata ku Chipata, awiri analemba pa WhatsApp, wachinayi ndi mnzanga wa m'kwaya amene tinakumana ku Katete. Onse akuti, "Tamva kuti mumaimbira ana odwala, nafenso mtima ulipo, tiyambire pati?" Ndikamayankha pakamwa ndimapezeka ndasiyako china chofunika, ndiye ndaganiza zolemba zonse kamodzi.

Ine ndikadali wophunzira. Ndinalowa mu wadi ya ana ndikuyenda pambuyo pa mayi wina amene anachita maphunziro a music therapy, kuthandiza odwala pogwiritsa ntchito nyimbo, ndipo mpaka lero zonse zimene ndimachita ndimakazifotokoza kwa iwo. Zimene ndalemba apa n'zimene ndaphunzira pambali pa mabedi.

1. Dziwani dzina la chimene mukukachita

Music therapy ndi ntchito ya zaumoyo, yokhala ndi maphunziro ake. Munthu amagwiritsa ntchito nyimbo ndi cholinga chodziwika pa wodwala wodziwika: kuchepetsa mantha, kuthandiza mwana kupirira ululu, kumuchititsa kusuntha dzanja limene akuopa kusuntha, kumubwezera mawu atakhala chete masiku ambiri. Inakhazikika ku America nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, oimba atayamba kuyendera asilikali ovulala m'zipatala, ndipo digiri yoyamba inayamba ku koleji ya Michigan State mu 1944. Kumeneko wophunzira amafunika maola 1,200 ogwira ntchito ndi odwala pansi pa woyang'anira asanalembe mayeso omaliza. Kuno kumwera kwa Africa, University of Pretoria imaphunzitsa ntchitoyi pa digiri yachiwiri.

Ndikutchula zimenezi kuti musamadzitchule therapist chifukwa choti muli ndi gitala ndi mtima wabwino. Nenani zoona: ndinu wophunzira, kapena wodzipereka amene amaimba ndi ana. Zakuti nyimbo imakhudza thupi la wodwala, ife sitinazimvere kwa azungu. Abale athu Atumbuka a ku Lundazi ndi Chama ali ndi vimbuza, gule wovinira odwala, ndipo mayi aliyense amene anaberekapo mwana kumsana amadziwa mmene kung'ung'udza kumagonetsera khanda. Koma nyimbo siipha tizilombo ta malungo, siilowa m'malo mwa magazi, dilipi kapena jekeseni. Musalole kholo kuchoka pamaso panu likuganiza kuti mwabwera ndi machiritso ena.

2. Loweranimo pakhomo

Kaya ndi Chipata Central Hospital, St Francis ku Katete, Mwami kapena chipatala cha m'boma lanu, lembani kalata kwa akuluakulu a chipatalacho. Fotokozani kuti ndinu ndani, mudzabwera masiku ati, maola angati, ndipo akukuyang'anirani ndani. Kalata ya kumpingo kapena kusukulu yokuchitirani umboni imathandiza. Mukaloledwa, munthu amene mudzamvere tsiku ndi tsiku ndi asisita oyang'anira wadiyo. Iwo akati lero ayi, ndiye kuti ayi, ngakhale mutachokera kutali ndi njinga.

Ngati simungapeze munthu wophunzira music therapy woti akuyang'anireni, pemphani kuti mukhale pansi pa anesi, a physiotherapy (othandiza odwala kulimbitsa ziwalo) kapena a social welfare (oona za chisamaliro cha anthu) a pachipatalapo. Kulowa nokha mu wadi ya ana popanda wokuonani n'kosayenera, ngakhale mutakhala wodziwika bwanji.

3. Masiku oyamba siyani choimbira kunyumba

Ambiri izi zimawavuta kumva. Bwerani manja okha, khalani pakona, penyani. Muone nthawi ya raundi, pamene adokotala ndi anesi amazungulira bedi ndi bedi m'mawa. Muone nthawi ya mankhwala, yotsuka zilonda, ya phala, ndi nthawi imene wadi imagwa tulo masana. Mudzapeza kampata kanu pakati pa zimenezi. Mudzaonanso kuti wadi imasintha ndi nyengo. Mvula ikagwa, malungo amadzaza mabedi ndipo anesi sapuma. M'mwezi wa June ndi July mumabwera ana opsa ndi moto wa mbaula kapena madzi otentha. Mango akamapsa mumabwera anyamata ogwa mumtengo.

4. Manja ndi zoimbira

Sambani m'manja ndi sopo musanakhudze mwana kapena bedi lake, ndiponso mukachoka, bedi lililonse. Kusamba koyenera kumatenga masekondi 40 mpaka 60. Zikhadabo zikhale zazifupi. Mukakhala ndi chimfine, chifuwa kapena kutsegula m'mimba, musabwere. Kachimfine kanu kakhoza kukhala chibayo kwa mwana amene thupi lake lafooka kale.

Choimbira chilichonse chimene mwana angagwire chikhale choti mutha kuchipukuta ndi mankhwala amene asisita angakuuzeni. Apa m'pamene zida zathu zokondedwa zimatsalira kunja: ng'oma ya chikopa chaubweya, chisekese cha udzu, maseche a zikho zong'aluka, zonsezi zimasunga litsiro ndipo sizitsukika. Kalimba mutha kuimba inu nokha, koma mano ake achitsulo asafike m'manja mwa kamwana. Zitoliro ndi wezulo ayi, chifukwa zimayenda ndi malovu. Ine ndimayenda ndi gitala yaing'ono, kang'oma ka pulasitiki ndi timabotolo tiwiri tokhala ndi mpunga pang'ono, totsekedwa ndi guluu kuti chivindikiro chisatseguke. Mwana wa zaka ziwiri amaika chilichonse m'kamwa, ndipo njere imodzi ikhoza kumutsamwitsa.

Choimbira chachikulu ndi mawu anu. Masiku ambiri gitala siituluka n'komwe m'thumba.

5. Funsani anesi musanapite pa bedi lililonse

Funso langa la tsiku lililonse n'lakuti, "Asisita, lero ndipite kwa ndani, ndipo ndisapite kwa ndani?" Safunsa anadya phula. Pali ana amene phokoso limawapweteka. Wodwala kafumbata amayamba kuuma thupi ndi kaphokoso kakang'ono. Wodwala meningitis (matenda oumitsa khosi) kapena malungo a muubongo amafuna bata. Amene wakomoka kumene, amene ali m'chipinda chapadera chifukwa cha chikuku, TB kapena kolera, simupitako pokhapokha akuuzeni ndi kukuvekani zoyenera. Makanda obadwa masiku asanakwane amatopa msanga ndi phokoso, ndipo kumeneko wophunzira asalowe yekha.

Musakhudze dilipi, kanyula (kapaipi kolowetsedwa mumtsempha), paipi ya okosijeni kapena ya chakudya yolowera m'mphuno. Musapatse mwana chakudya, switi ngakhale madzi, pakuti ena akudikira opareshoni ndipo ena ali pa mkaka woyezedwa. Mukaona kuti kupuma kwasintha, milomo yada kapena mwana akugwedezeka, lekani nyimbo muitane anesi nthawi yomweyo.

Kumene ndinalandiridwa msanga ndi kwa ana operewera zakudya m'thupi. Malangizo a WHO, bungwe la zaumoyo la padziko lonse, osamalira ana otere amanena kuti mwana akayamba kupeza mphamvu azisewera mphindi 15 mpaka 30 tsiku lililonse, chifukwa njala imazimitsanso chidwi cha mwana. Anesi amazidziwa zimenezi, koma manja awo ndi ochepa.

6. Bedi ndi nyumba ya eni, nenani odi

Pa bedi lililonse pali womudikirira mwana, amene kuno timamva akutchedwa bedsider: amake, ambuya ake, azakhali, nthawi zina atate ake. Munthu ameneyo wagona pansi kapena pampando masiku angapo, wasiya ana ena kumudzi, munda ukumera udzu. Yambani ndi iye. Ine ndimagwada kapena kunjuta, ndi kunena, "Odi amayi, mwaswera bwanji? Nanga mwana waswera bwanji? Ine si dokotala, ndimaimba ndi ana. Mungalole ndikhale nanu pang'ono?" Akakana, thokozani mupite.

Akalola, funsani chimene amamuimbira kunyumba. Poyamba amaseka, amati, "Ah, ife sitidziwa kuimba." Dikirani. Funsani imene amaimba pomusambitsa, pomugoneka, kapena imene ana amaimba posewera madzulo pabwalo. Funsaninso chilankhulo. Chigawo chathu chino cha Kum'mawa kwa Zambia chili ndi Achewa, Ansenga, Angoni, Atumbuka ndi Akunda, ndipo mwana wa ku Petauke amatsegula maso mosiyana akamva Chinsenga cha ambuya ake. Ngati nyimboyo simuidziwa, apempheni akuphunzitseni. Mayi amene wakhala sabata yonse akungouzidwa zochita amawongoka msana akaona kuti pali chimene iye akudziwa inu simuchidziwa.

Samalani ndi nyimbo za kutchalitchi. Mu wadi imodzi mumagona a Katolika, a RCZ, a Seventh-day, a Mboni, a Pentekoste ndi Asilamu. Simunabwere kudzalalikira. Banja likapempha lokha nyimbo ya mpingo wawo, imbani motsitsa pa bedi lawolo. Ndipo pali china chimene ndinachiphunzira mowawa. Tsiku lina ndinayamba nyimbo ya m'buku yodekha, ndikuganiza kuti itonthoza mwana. Amayi a pa bedi lachitatu anayamba kulira, ena anadzuka kudzasuzumira, poganiza kuti pachitika zovuta. Inali nyimbo imene kwathu kuno imaimbidwa kwambiri pamaliro. Ndinawaopseza anthu amene anali kale ndi mantha, ndipo zinandipweteka masiku ambiri. Musanaimbe nyimbo iliyonse yodekha, dzifunseni kumene anthu amaimvera kawirikawiri.

7. Mphindi zisanu zoyamba ndi mwana

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ambiri amene amafotokoza za ntchitoyi amalumpha kuchoka pa chilolezo kufika pa mwana akumwetulira, ngati pakatipo palibe kanthu. Pakatipo m'pamene pali ntchito yonse.

Ife a m'kwaya tinazolowera kuimirira kutsogolo, kuyamba nyimbo mwamphamvu, anthu n'kutitsatira. Mu wadi zimatembenuka: mwana ndiye amatsogolera, inu mumatsatira. Ganizirani mmene zinthu zilili kwa iye. Chilowereni m'chipatala, munthu aliyense wachilendo amene wafika pa bedi lake wabwera ndi singano, mankhwala owawa kapena dzanja lokanikiza pamene pakupweteka. Palibe amene wamufunsa ngati akufuna. Inu mukafika, iye akudziwa kale kuti mlendo ndi ululu.

Choncho musamuimirire pamwamba. Khalani pansi kapena pa kampando, maso anu akhale m'munsi mwa ake, patali pang'ono, mbali imene kuli amake. Musamugwire. Musamuuze kuti aseke. Kwa kanthawi musaimbe chilichonse. Penyani chitenge chimene wafunda, mmene chikukwerera ndi kutsika. Kumeneko ndiko kugunda kwa ng'oma yanu ya lero. Ana amapuma mofulumira kuposa akulu, ndipo mwana wa malungo kapena wamantha amapuma mofulumira koposa. Yambani kung'ung'udza motsitsa, mogwirizana ndi mpweya wakewo, osati wanu.

Njira imeneyi ophunzira ntchitoyi amaitcha iso principle, mawu amene anafala ndi dokotala wa matenda a maganizo Ira Altshuler m'zaka za m'ma 1940. Tanthauzo lake n'lakuti mumayamba pamene wodwala ali, kenako n'kumusuntha pang'onopang'ono. Amayi athu amachita zimenezi osazitchula dzina. Mwana akalira kwambiri kumsana, mayi sayamba ndi kuyenda mwa pang'onopang'ono. Amamugwedeza mofulumira, akusisita ndi kuimba mokweza, kenako amatsitsa, amatsitsa, mpaka mutu wa mwana utagwera paphewa. Mukabwera ndi nyimbo yachisangalalo kwa mwana wofooka, mumamutopetsa. Mukabwera ndi yozizira kwa mwana amene akukuwa, sakumvani. Mupezeni kaye, muyende naye, ndipo mukayamba kuchedwetsa chitani mochepa kwambiri moti iye asazindikire.

Kenako siyani mpata. Imbani kachidutswa, lekani, dikirani. Chete ameneyo amaoneka wautali, mtima umakuuzani kuti mudzazepo, koma musadzaze. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yankho la mwana wodwala limakhala laling'ono: chala cha kuphazi chagwedera, diso latembenuka, wasiya kulira kuti amve ngati mupitiriza. Mukaona kanthu kotero, kayankheni. Akagogoda kamodzi, inunso gogodani kamodzi. Akatulutsa kamawu, kabwezeni m'nyimbo. Pamenepo mwana amazindikira kuti pali chinthu chimodzi m'chipatala muno chimene chikumvera iye.

Mupatseni zosankha zenizeni. Botolo ili kapena ili? Mokweza kapena motsitsa? Kwa ana okulirapo ndimati, "Ukakweza dzanja, ine ndileka." Amayesa, ndimalekadi, amayesanso kakhumi, ndipo kakhumi konse ndimaleka.

Nanga akakana? Mudzakanidwa kambiri. Mwana adzatembenukira kukhoma, adzafunda kumutu, adzati "choka". Amake adzachita manyazi n'kuyamba kumukalipira kuti alemekeze mlendo. Atetezeni onse awiri: "Musamukakamize amayi, wachita bwino kunena. Ndidzapitanso pano Lachinayi." Ndiyeno chokanidi. Kukana kumeneko mwina ndi koyamba kumveredwa chibwerereni.

Panali mnyamata wina wa zaka ngati zisanu ndi zinayi, wothyoka fupa la ntchafu, mwendo uli pa chokoka, sakanatha kudzuka kwa milungu. Maulendo anayi anandikana osandiyang'ana n'komwe. Ndinkangomupatsa moni ndi kupita pa bedi loyandikana. Ulendo wachisanu, ndikuimba ndi kamtsikana ka pafupi naye, ndinamva supuni ikugunda chitsulo cha bedi kumbuyo kwanga. Sindinacheuke. Ndinangosintha kaimbidwe kuti kagwirizane ndi supuniyo. Anafulumiza, ndinafulumiza. Analeka mwadzidzidzi, ndinaleka. Ambuya ake ndiwo anaseka poyamba. Ndikanacheuka msanga n'kumuyamikira, ndikukhulupirira akanaibisa supuni ija.

Dziwaninso zizindikiro zakuti zakwana. Khanda likatembenuza nkhope, kuyasamula, kuchita ntchirichiri, kutambasula zala kapena kupinda msana chakumbuyo, latopa. Wamkulupo amangoti maso gwa kumbali. Mphindi khumi n'zokwanira kwa ambiri, ena ziwiri zokha. Kumbukiraninso kuti wadi ilibe makoma pakati pa mabedi. Mawu anu afike pa bedi limodzi kapena awiri, pakuti pafupi pomwepo pali wina amene wangogona kumene atalira usiku wonse.

8. Pa nthawi ya singano ndi kutsuka zilonda

Izi musazithamangire. Dikirani mpaka anesi atakuitanani okha, ndipo mwanayo akhale woti akukudziwani kale. Khalani kumutu, mbali imene simutsekereza ogwira ntchito. Musamunamize kuti sizipweteka. Nenani, "Zipweteka pang'ono, ine ndi amako tili pompano." Akalira, musamuletse, ndipo musakweze nyimbo kuti imphimbe kulirako. Mugwirizane naye, ndipo zikatha mutsike naye mpaka mpweya ubwerere. Musamangopezeka pa nthawi zowawa zokha, apo ayi nyimbo yanu idzasanduka chenjezo lakuti singano ikubwera.

9. Tsazikani bwino, nyimbo itsale ndi amake

Khalani ndi kanyimbo kamodzi kotsazikira, komwe komweko nthawi zonse, kotchula dzina la mwana. Musalonjeze "mawa" ngati simubwera mawa. Inu mumakhalapo mphindi zochepa pa sabata, pamene amake alipo usiku pamene thupi latentha ndipo magetsi azima. Ndikaona mayi wayamba kuimba, ine ndimatsitsa mawu anga mpaka atsale ake okha.

10. Lembani, ndipo foni ikhale m'thumba

Mukatuluka, lembani m'kabuku: nambala ya bedi, zaka, mmene munamupezera, chimene munachita, chimene iye anachita, mmene munamusiyira. Lembani zimene maso aona. "Anagwira botolo ndi dzanja lopsa kawiri" n'zothandiza kwa a physiotherapy kuposa "anasangalala". Kabukuko mupite nako kwa wokuyang'anirani sabata iliyonse, ndipo muyambe kufotokoza zimene sizinayende.

Musajambule ana. Ndikudziwa kuti chithunzi cha mwana wodwala atagwira ng'oma chimakopa anthu pa Facebook ndipo ena amati chimabweretsa thandizo, koma mayi wotopa amene akuopa kukhumudwitsa mlendo sangakane momasuka, ndipo mwanayo adzakula. Matenda ake musawatchule kunyumba, kukwaya kapena m'basi. Chipata ndi yaing'ono, anthu amadziwana. Koma mwana akakuuzani, kapena nyimbo yake ikaulula, kuti wina amamuzunza, chimenecho sichisungidwa. Uzani asisita kapena a social welfare tsiku lomwelo. Dziko lathu la Zambia lili ndi lamulo loteteza ana la Children's Code Act la 2022, ndipo nambala ya foni yaulere ya Childline, yothandiza ana amene ali pamavuto, ndi 116.

11. Tsiku limene mudzapeza bedi layalulidwa

Lidzafika. Mudzalowa ndi nyimbo imene munakonzera mwana wina, mudzapeza matiresi okha, kapena mwana wina wagonapo. Musafunse amayi a pa mabedi oyandikana, iwonso usikuwo anaona zonse. Pitani kwa anesi mufunse motsitsa. Nthawi zambiri adzati watuluka, wapita kwawo. Nthawi zina adzangopukusa mutu.

Mukakumana ndi banjalo panja, musafunefune mawu anzeru. Gwiranani chanza, khalani nawo pansi, nenani "Pepani amayi, pepani ambuya." Musaimbe pokhapokha atapempha. Ngati misozi ikubwera, tulukani mu wadi kaye, chifukwa ana enawo amawerenga nkhope za akulu. Tsiku limenelo muli ndi ufulu wouza asisita kuti lero simutha, n'kubwerera kunyumba. Muwaimbire foni okuyang'anirani madzulo omwewo, musadikire sabata ithe.

Chifukwa cha zimenezi, poyamba musapitirire masiku awiri pa sabata, maola awiri pa tsiku. Ndaona anzanga akuyamba ndi moto, tsiku lililonse ali mu wadi, mwezi usanathe osaonekanso, ana n'kumafunsa kuti amalume a gitala aja ali kuti. Sankhani masiku amene mungakwanitse ngakhale nthawi ya dzinja, msewu uli matope, muwalembe pa kalata yanu ija ya kwa akuluakulu a chipatala.